Atsibweni Ako Asakhudze Mipope ya kwa Apongozi

Esinati mwana wanga,

Kalatayi ndaibisa m'thumba la kamba wa paulendo, pansi pa mbatata zootcha, chifukwa ndikukudziwa. Kombi, minibasi yakoyo, isanafike n'komwe pa Concession udzakhala utayamba kale kufukula. Ndikulemba masana ano, iwe uli kwa amai Rudo kukalukitsa tsitsi. Pamaso sindikanatha kukuuza izi. Makoma a pakomboni pano uwadziwa, ukatsokomola m'nyumba muno atsibweni ako kuseliku amayankha kuti pepani.

Za banja anakulangiza kale azimayi a kumpingo, mpaka makutu anakuwawa. Ine ndatsala ndi nkhani imodzi yokha, ya mipope. Usaseke, iwe. Ndikukuona ukuseka.

Ukukumbuka tsiku la ukwati wako, titatha kudya, apongozi ako amai Tendai anadandaula za nyumba yawo ya ku Mhangura, ija ya mgodi anasiyiridwa ndi malemu amuna awo. Anati chimbudzi chikuchucha, khoma la kubafa lanyowa mpaka lachita nkhungu, ndipo mwamuna wako Tendai sakhalitsa pakhomo ndi malole akewo. Kenaka anakuyang'ana iwe mkazi wa mwana wawo n'kunena m'Chishona kuti, "Muroora akabwera adzationera munthu wokonza." Iwe unangomwetulira. Ine ndinamva bwinobwino kuti ndiyo ntchito yoyamba imene adzakuyezere nzeru m'nyumba imeneyo. Ndisanameze n'komwe malovu, atsibweni ako a Layisoni, amene iwe umawatchula kuti sekuru ngati Mshona, anadzuka n'kudziguguda pachifuwa. "Mbumba yanga ivutike ndi mipope ine ndili moyo? Ndidzabwera naye ndekha, ndipo sindifuna kanthu." Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Dzulo anachapa ovolosi yawo. Chikwama cha zitsulo chili kale pakhomo, ndipo m'mawa uno ndinawapeza akulenga chubu cha njinga, kuchidula timizeremizere, akuimba nyimbo ya kumpingo. Akuti mawa akwera nawe.

Mwana wanga, atsibweni ako asakhudze mipope ya kwa apongozi ako. Ndalemba, ngakhale ndi mlongo wanga wa bere limodzi. Kwathu mwini mbumba sakanidwa, ukudziwa. Kwa anzathu Achishona mawu ali ndi abambo, koma ife ngakhale tinabadwira kuno, Dedza tikungomumva m'nkhani za agogo, mwambo umenewo sitinautaye. Akanena atsibweni kwatha. Iwe sungawakanize, ndipo sindikukutuma kuti uwakanize. Imeneyo ndisiyire ine. Yako ndi kupeza pulambala weniweni, msanga, ndipo ndikuuza mmene ndinaphunzirira ine, ndi manyazi anga omwe.

Atsibweni ako madzi amawadziwa, usawapeputse. Nthawi ya mzungu pa pulazi pano ndiwo ankayang'anira mapaipi othirira tirigu. Ankasenza mapaipi ataliatali aja paphewa, kuwalumikiza m'munda monse dzuwa lisanatuluke, ndipo pakatuluka madzi penapake ankangomanga ndi mphira. M'munda paipi ikadontha palibe cholakwa, madziwo agwera pa mbewu. Pulazi itagawidwa ntchito ija inatha, tonse tinayamba kuyenda m'maricho, maganyu a m'minda ya eni. Ndipo tsiku lina iwo anangodzuka n'kunena kuti ndine pulambala. Palibe anawatsutsa. Tikanatsutsa bwanji munthu amene watsala ndi chikwama chokha?

Woyamba kuwapezera ntchito ndinali ine. Ndinkachapa kwa amai Mhofu, amene anatenga nyumba ya manijala ija ya kumtunda, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa iwe uli kupulayimale. Paipi ya m'khoma la kukhitchini inayamba kunyowetsa pansi. Amai aja atafunsa ngati ndikudziwa munthu, ndinayankha msangamsanga kuti mlongo wanga ndi katswiri. Anabwera, anagumula khoma, anamanga ndi mphira wawo, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atamata kale simenti, atasalaza bwinobwino. Amai Mhofu anayamikira kuti munthu wachangu. Ine ndinayenda ngati nkhanga tsiku limenelo. Patapita miyezi khoma linatupa. Kabati inaola kumbuyo, matumba a chimanga amene anatsamira pamenepo anachita nkhungu yobiriwira, chimanga cha chaka chonse. Amai aja sanandilalatire, bola akanalalata. Anangoti, "Amai Esinati, tidzakuitanani." Mpaka lero akundiitanabe. Choncho mwana wanga, munthu aliyense amene akufuna kumata khoma iwe usanaone ntchito ndi maso ako, madzi akuyenda m'paipimo, umuletse. Khoma likhale chitsegukire ngakhale apongozi adandaule za fumbi. Uike pepala louma pansi pa mfundo imene walumikizayo, ugone, udzalione m'mawa.

Atsibweni ako sindinawauze chifukwa chimene ntchito ija inathera. Ndinati amai aja apeza mtsikana wachibale. Anandidandaulira kwambiri, mpaka anandipatsa nkhuku.

Usaganize kuti vuto ndi achibale okha. Cholakwa changa chachiwiri chinali chokhulupirira chilankhulo. Tinkamanga zimbudzi za kutchalitchi, azimayi a chigwirizano ananditumiza ine ndi amai Fosita ku Concession kukafuna pulambala. Pa sitolo paja, pamene pamaima makombi, tinapeza mwamuna atakhala pa chitini, patsogolo pake ataimika sipanala yaikulu yonyezimira ngati yochokera m'pepala. Ife tinkanong'onezana Chichewa, iye anatembenuka n'kuti, "Amayi, muli bwanji? Kwanu n'kuti kumudzi?" Mayo ine! Mtima unangosungunuka. Ukakulira m'dziko limene ana akusukulu amakutchula mubhurandaya, dzina lonyozera ife ochokera ku Malawi, munthu akakupatsa moni wa kwanu umaona ngati Mulungu wamutuma. Anati ndi Banda, ngati ife. Ndinayamba kumutchula achimwene tisanafike n'komwe kutchalitchi. Sitinamufunse kumene amagona, sitinamufunse anakonzapo kwa yani. Kufunsa tinkaona ngati mwano kwa wakwathu.

Anayendera malo onse, anapukusa mutu, n'kuloza mipope iwiri yamkuwa imene inalipo kuyambira kale pa thanki ya tchalitchi. Anati iyi yatha, ndiimasule ndikayerekeze saizi ku hadiweya. Tinamupatsanso za zipangizo, tinamuphikira tiyi, amai Fosita anamuikira mazira m'thumba. Anapita. Mlungu wotsatira ndinabwerera pa sitolo paja, ndinapeza chitini chokha. Mayi wogulitsa tomato anandiseka mpaka misozi, anati munthu ameneyo kwa Ashona ndi Moyo, kwa a ku Tete ndi Fulansisiko, zilankhulo amazidziwa kuposa mapaipi. Abusa analalikira za kukhululuka Lamulungu limenelo, koma maso onse anali pa ine.

Ndikukuuza izi chifukwa ku Mhangura akwathu ndi ambiri, ana a anthu a mumgodi. Udzamva Chichewa pamsika, udzasangalala, ndipo ndi bwino. Ucheze nawo, upemphere nawo. Koma moni si ntchito, Esinati. Ndipo tchera khutu apa: nyumba zakale za mgodi zija zambiri zili ndi mapaipi amkuwa. Mkuwa uli ndi msika. Adzabwera wina wokoma pakamwa, adzati amai, zonsezi n'zakale, tichotse tiike zapulasitiki. Mwina n'zoona kuti pena paola, koma akuonetse poolapo, ukhudze ndi chala chako. Chilichonse chimene wamasula chitsale pakhomo, uchipereke m'manja mwa apongozi ako. Si chako, si chake, ndi cha malemu apongozi ako aamuna. Ku hadiweya upite naye limodzi, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Woona mtima sakwiya ukamutsatira, amakusenzetsa paipi.

Nanga wabwino umupeza bwanji? Osati pa chikwangwani chokhomedwa pamtengo, osati pa foni ya gulu lanu lija mumatumizirana zithunzi. Upite ku chibhorani, kumjigo kuja, ndi ndowa yako, pamzere paja. Pamenepo ndiye pali nkhani zonse za m'tauni. Usafunse kuti ndani amakonza mipope, pakuti aliyense adzakupatsa mlamu wake, monga ndinachitira ine kwa amai Mhofu. Ufunse kuti, ndani muno anakonzetsa chimbudzi kalekale ndipo sanaitanenso munthu? Mayi ameneyo umutsatire kunyumba kwake. Upemphe madzi akumwa, upemphe kulowa kubafa, uyang'ane khoma kumunsi, ununkhize. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Dzina likatuluka pakamwa pa azimayi amene sagwirizana pa china chilichonse, ndi lomwelo. Ukatero ukamufunsenso wa ku hadiweya, iye amadziwa amene amagula guluu weniweni ndi amene amagula wotsika n'kuuza mwini nyumba zina. Ndipo udziwe pakhomo pake, umuone mkazi wake. Munthu amene mkazi wake umakumana naye kuchigayo sathawa ndi mpope wako.

Wabwino ndinamuonapo mmodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa. Inali nthawi ija ndinakakhala ku Guruve kudwazika azakhali ako, m'nyumba ya mwana wawo. Sinki inkachucha. Anatilozera bambo wina wa ku Tete, a Zuze, wamfupi, wosaseka, wa njinga yopanda mabuleki. Atafika sanayang'ane n'komwe sinkiyo. Anafunsa kuti mpope waukulu wotsekera madzi a nyumba yonse uli pati. Palibe ankadziwa. Anaufufuza mpaka anaupeza kuseli, utakwiririka pansi pa maungu, n'kundiitana kuti, "Mai, bwerani muone. Tsiku lina paipi idzaphulika ine kulibe." Kenaka anatsegula mpope wa pasinki, unangopuma mpweya, madzi kunalibe tsiku limenelo. Anatseka chikwama nati ndidzabwera madzi akabwera. Ndinapsa mtima. Ndinati munthu uyu ndi waulesi, wabwera kudzationetsa maungu athu omwe. Ndinamuuza mawu, Mulungu andikhululukire, ndinati mlongo wanga akanamaliza kalekale. Iye anangoti, "Ndikakonza lero, ndidziwa bwanji kuti ndakonza?" Anakwera njinga.

Madzi anabwera Lachinayi, iye anafika ife tisanasese pabwalo. Anaona pochucha, ndipo sipanali pamene tonse tinkaloza. Anakonza, anatsegula madzi, anaika pepala pansi pa mfundo, anakhala pansi n'kumayang'ana mfundo ija ngati mayi woyang'anira mwana wodwala. Tiyi anakana mpaka pepala lake litakhala louma. Ndinachita manyazi, ndinamupatsa nthochi zonse zinali m'nyumba. Tendai akuti ku Mhangura nakonso madzi amabwera mwa apo ndi apo. Choncho kumbukira: amene avomera kukonza tsiku louma, n'kufuna zake zonse n'kumapita, ameneyo akugulitsa mbuzi ili m'thumba. Mugwirizane mtengo asanagwire sipanala, apongozi ako ali pomwepo akumva, ndipo chomalizira adzalandire madzi atayenda. Ndipo umuuze akuonetse mpope waukulu uja. Udziwe iwe, osati Tendai yekha, chifukwa usiku umene paipi idzaphulike Tendai adzakhala ali kumalire ndi lole.

China, ndipo ichi ndi matenda athu ife a pakomboni. Tinakula tikuuzidwa kuti mlendo sadandaula. Agogo ako ankati m'dziko la eni ukapondedwa umapepesa ndiwe. N'chifukwa chake ntchito ikaipa timangoti zikomo, n'kutchera beseni pansi. Iwe usatero. Unabadwira kuno, chitupa uli nacho, sukulu unapita. Ikachuchanso, mubwereze munthuyo, mwaulemu koma osaseka. Ndipo iwenso umulemekeze. Umupatse madzi osamba m'manja ndi sopo, chakudya umuikire m'mbale imene mumadyera inu, pakuti munthu wogwira zimbudzi za anthu ambiri amamunyansa. Wabwino ukamusunga bwino adzakuthamangira ngakhale pa Khirisimasi.

Tsopano ndibwerere kwa atsibweni ako, chifukwa ndikudziwa kuti pofika apa ukulira, ndipo ukuti amayi ndi oipa mtima. Sindinaiwale, mwana wanga. Bambo ako atamwalira, a kwawo anabwera kudzatenga mbale ndi bedi, amene anaima pakhomo ndi iwowa. Nthawi ija tinauzidwa kuti tichoke pakomboni, tinagona kumsewu ndi katundu tisanaloledwe kubwerera, anakufunditsa jekete lawo iwo n'kugona ndi malaya okha mu Juni. Njinga yawo yoyamba anagulitsa kuti ulembe mayeso. Munthu ameneyu akakupatsa mphatso ya manja ake, akupereka chokhacho chimene watsala nacho. Ndipo maso ayamba kuchita ng'ala, sakufuna kuvomera. Sabata yatha ndinawaona akufunafuna sipanala ili pamwendo pawo. Ukawalanda chikwama chija wawaika m'manda ali moyo.

Koma taganiza. Apite ku Mhangura, agumule khoma la amai Tendai, amange ndi chubu, amate. Pakutha pa miyezi khoma ligwe. Apongozi ako sadzati a Layisoni analakwitsa. Adzati muroora anatibweretsera anthu a kwawo kudzatigwetsera nyumba ya malemu, ndipo mawu aja ankakutchula kusukulu udzawamva m'nyumba yako yomwe. Atsibweni ako nawo adzamva, ndipo chidzawapha ndi chimenecho. Ine ndinataya ntchito yochapa, ndinapeza ina. Iwe banja sindifuna uyese kupeza lina.

Mpope wathu wa pabwalowu ukuudziwa. Wakhala ukudontha kuyambira iwe usanamere mano, womangidwa mphira pamwamba pa mphira mpaka ukuoneka ngati mwendo wa munthu wovulala. Unkandifunsa kuti amayi, bwanji osaitana munthu? Ndinkati nthochi zathu zimamwa pomwepo. Zoona n'zakuti ndikanaitana wina, komboni yonse ikanaona, ndipo mlongo wanga sakanatulukanso m'nyumba. Ndinasankha matope. Amenewo ndi matope anga, ndinawasankha ndi maso awiri, ndipo sindidandaula. Koma si chuma choti ndikusiyire.

Ndiye tamvera chimene ndachita. Masana ano thanki ya pulazi ili youma, magetsi anapita m'mawa, ndipo atsibweni ako apita kukameta kuti akaoneke bwino kwa asewere awo. Ndatenga lezala. Ndacheka mphira yense wa pampope uja, kumunsi, kumene sikuoneka. Akapopa madzi mbandakucha, monga amachitira magetsi akabwera, pabwalo pano padzakhala mtsinje. Ukudziwa mmene kapitawo wa eni pulazi atsopanowa amachitira akaona madzi akutayika, amaopseza kutseka mzere wonse wa komboni. Ndidzalira, ndipo sindidzachita kunamizira, misozi ndili nayo kale yambiri ya mawa. Ndidzati achimwene, mundisiya chonchi? Ndikuwadziwa. Adzayang'ana iwe, adzayang'ana ine, adzatsitsa chikwama.

Ngati zayenda monga ndapempherera, pampando uli pambali pakowo pakhala munthu wachilendo, ndipo tsopano wadziwa chifukwa chake. Usandikwiyire. Ndakupezera masiku ochepa chabe, chifukwa akamaliza wanga adzayambanso kufunsa za kombi. Ine ndidzapeza china chowachedwetsa, chitseko, denga, khola la nkhuku, zothyoka pano sizisowa. Koma iwe usagone. Ukangofika tenga ndowa upite ku chibhorani.

Ntchito ikatha, pepala likauma, khoma likamatidwa, uwaimbire foni iwe mwini. Unene kuti apongozi anali ataitana kale munthu wawo, koma mtima wako sukhazikika mpaka sekuru adzaone ngati wakonza bwino. Ukawalandire pa siteji. Uwaikire mpando kubafa, atsegule mpope, agogode khoma ndi chala, apeze kakulakwa kamodzi, uvomere. Ukatero uwatengere kudimba la apongozi ako, uwaonetse paipi yothirira masamba, unene kuti iyi yatikanika tonse. Kumeneko amange mphira mmene angafunire. Kumeneko ndiye kwawo, ndipo palibe pulambala wa ku Mhangura angawapose.

Mbatatazo ugawireko amene wakhala nayeyo. Ukafika undiimbire, koma za mipope usatchule pa foni, adzakhala ali pafupi. Pamene iwe ukuwerenga izi ine ndili pabwalo, matope mpaka m'akakolo, ndawagwirira chubu, ndikuwalozera pamene pali sipanala ngati kuti ndangoiona mwangozi. Akamaliza mpopewo udzadonthabe, ndipo ndidzati zikomo achimwene, mwatithandiza.

Pita bwino, mwana wanga. Kwanuko kukhale kouma.

Ndine mayi ako,
Nabanda